Injini Itasiya Kutsokomola

Aboy Tekie anayendetsa sitima yamalasha pa njanji yochoka ku Massawa kukwera ku Asmara mpaka imvi zitadzaza mutu. Nkhondo ya m'dzikomo itatha akuluakulu a njanji anakawatenganso kwawo kumene ankapuma, poti achinyamata sankadziwa n'komwe kuti moto wa injini amauyatsa bwanji. Anabwerera maondo akulira ngati chitseko chakale. Mawotchi a m'injinimo oyezera mphamvu ya nthunzi sankawayang'ana, ankayendetsa ndi makutu. Ikamatsokomola mwaukali ndiye kuti ili bwino, ikayamba kunong'ona ndiye kuti moto ukufa, pakufunika malasha.

Koma injiniyo inali itatopa kuposa mwini wake. Pa chitunda cha ku Nefasit inkachita kukwawa, abusa a mbuzi n'kumaipitirira wapansi. Akuluakulu anagamula kuti ichoke kuphiri, izingokankha mabogi pasiteshoni. Aboy Tekie zinawapweteka kwambiri. Ntchito ya pasiteshoni ankaiona ngati kuikidwa m'manda uli moyo: pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, dzuwa mpaka kulowa. Anayenda ofesi ndi ofesi, chipewa chili m'manja, mpaka amakaniko anavomera kuikonza. Anasintha paipi yotulutsira nthunzi m'chumuni kuti moto uzikoka bwino mpweya, malasha azilowa ochepa. Mkulu wa amakanikowo, Zerai, anawachenjeza kuti tsopano izipuma mofatsa, choncho aziyang'ana wotchi. Iwo anangogwedeza mutu. Mwana wadzana angawauze chiyani?

Tsiku loiyesa, atangoyamba kukwera phiri, injini ija inkangonong'ona. Aboy Tekie anachita mantha. Anauza Ogbay, nkhalamba inzawo yothira malasha, kuti awonjezere.

"Achimwene, wotchitu ikuti zili bwino," anatero Ogbay.

"Wotchiyo inabadwa liti? Thira iwe, sukumva kuti ikufa?"

Ogbay anathira, n'kuthiranso, akubuula ndi msana, mpaka malasha anakwirira moto wonse. Utsi unada, nthunzi inatha, sitima n'kuima pakati pa phiri. Zerai, yemwe anakwera nawo, anatsika m'bogi yakumbuyo n'kulowa m'injinimo. Anapalasa malashawo, moto unadzuka, kenako anagwira yekha chowongolera. Injini inakwera mpaka ku Asmara osawefuka ngakhale pamodzi, Aboy Tekie ali chiimire pambali, manja ali lende.

Patatha sabata chigamulo chinatuluka. Injini ibwerera kuphiri, koma ndi woyendetsa wina. Aboy Tekie anawapatsa kainjini kokankha mabogi.

Ogbay anawapeza masana atakhala pa mulu wa zitsulo, tiyi atazizira m'kapu. Pofuna kuwatonthoza anayamba kunyoza amakaniko, amvekere anthu amenewa aiwononga mawu injini, ngakhale mngelo akanasokonezeka.

"Usawanamizire, anaikonza bwino," anatero Aboy Tekie. "Ndinakawapempha ndine. Kungoti ineyo alibe paipi yondisinthira."