Ndinauza Amayi Kuti Ndi Mavitamini

Ndinanamiza amayi, ndipo ndikulemba m'kabuku kanga muno kuti ndisadzabwerezenso.

Atatuluka m'chipatala ku Kadoma, m'mimba mwawo simunakhazikike. Azakhali a ku Joni anatumiza kabotolo ka makapusozi. Pakhomo pathu ku Ingezi wowerenga Chingerezi ndi ine, ndiye amayi anandipatsa kuti ndiwawerengere. Panalembedwa kuti muli tizilombo tamoyo tothandiza m'matumbo, ndipo asamwedwe ndi zotentha.

Tizilombo tamoyo! Masiku amenewo kolera inali itavuta ku Chegutu, amayi akuwiritsa ngakhale madzi otsukira mbale. Ndinaopa kuti ataya zonse kuchimbudzi.

"Ndi mavitamini, amayi," ndinatero, maso ali pansi.

Za zotenthazo ndinabisanso, poopa kufunsidwa chifukwa chake. Koma amayi satha kumeza makapusozi. M'mawa uliwonse ankatsegula kapusozi n'kukhuthulira m'phala likadali pamoto. Masiku khumi ndi awiri ndinkaima pambali, ine wokhoza sayansi m'kalasi, n'kumawapatsira supuni yotakasira.

Lero ndinapeza atatsala asanu ndi atatu okha, amayi akugwirabe pamimba. Ndinawaululira zonse.

Amayi anati, "Ndiye azakhali ako atumiza alendo kuchokera ku Joni, ine n'kumawaphika?"

Sindinaseke. Ndinathira madzi owiritsa, ozizira bwino, m'kapu n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, otsalawa muwameza amoyo. Sindichoka pano."

Anatsinzina, anameza kapusozi, anatsokomola, kenako anandikalipira. Mawa ndiimanso pomwepo ndi kapu yanga.