Mawu a Bambo M'maukwati a Eni

Inu amene mwayamba kuiwala mmene wokondedwa wanu ankalankhulira, imvani za mnyamata wina. Kwawo ankamutchula Adigiri. Silinali dzina laulemu ayi. Anamupatsa atabwerako ku koleji ndi chikwama cha zovala chokha, chifukwa bambo ake, amene ankamulipirira fizi, anali atatsikira kulichete.

Bambo ake anali wojambula mavidiyo a maukwati. Loweruka likafika ankakoleka kamera paphewa n'kupita kukasunga chimwemwe cha anthu ena. Zonse ankazisunga mu hadi diski, kabokosi kakuda kokwana m'thumba la jekete, kolumikiza ku kompyuta ndi kawaya.

Tsiku la maliro panafunika chithunzi choika pabokosi. Anafufuza nyumba yonse osachipeza. Wojambula anzake sakhala ndi womujambula. Achibale anaunjikana pa kompyuta kuchipinda, uyu tsegula ichi, uyu kopera icho, mpaka amalume analowa atakwiya.

"Galimoto yafika panja, inu muli kalikiliki kuonera maukwati?"

Anazula kawaya kaja kompyuta ili mkati mokopera. Pabokosi anaikapo chithunzi cha pachiphaso, chokulitsidwa mpaka maso kuchita mbuu.

Patapita miyezi, mnyamatayo akutsuka mbale, anayesa kukumbukira mmene bambo ake ankamuitanira. Nkhope inabwera. Fungo la jekete linabwera. Koma mawu sanabwere. Anaima ndi mbale m'manja, madzi akudontha, mantha atamugwira kuposa tsiku la maliro lija.

Anathamangira diski ija. Munthu sangagwire kamera zaka zonsezo osatsokomolako n'komwe. Koma atailumikiza, kompyuta inati diskiyo siikuwerengeka, ndipo inafunsa ngati aifomate, ndiko kuipukuta yonse kuti ikhale ngati yatsopano.

"Zisiye, mwanawe," anatero amayi ake. "Wapita wapita."

Koma iye ankawaona m'mawa uliwonse akupukuta fumbi pa kabokosi kaja ndi nsonga ya nsalu yawo.

Panali kashopu kokonzera makompyuta pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Mwini wake anali mayi wa magalasi othyoka mwendo umodzi, ndipo aliyense ankangowatchula Anti. Mnyamatayo atawafotokozera zonse, anaitembenuza diskiyo, n'kuiika kukhutu ikuzungulira.

"Itafunsa zofomata zija, unadina inde?"

"Ayi, Anti."

"Ndiye uli ndi nzeru kuposa nkhope yakoyo. Tamvera. Diski ili ngati dera lalikulu. Nyumba zilipo, anthu ali m'katimo, koma amalume akowo anafufuta manambala a pazitseko. Kompyuta ikafika, ikuona ngati palibe munthu."

"Ndiye tikonze pompano."

"Taona kupupuluma! Wodwala sitimutuma ntchito. Poyamba timakopera diski yonse, mmene ililimu, pa inzake. Zoyesayesa zonse timachitira pa inzakeyo. Iyi ukailembapo kanthu kamodzi kokha, mwina walemba pakamwa pa bambo ako."

Diski ina mnyamatayo analibe. Choncho anayamba kugwira ntchito pomwepo, kupukuta magalasi a makompyuta ndi kupuliza fumbi m'mafani, kudikira tsiku limene padzapezeke diski yosiyidwa. Anzake akale akamadutsa ankaima pakhomo.

"Adigiri! Kodi zopuliza fumbizi ndi za chaka chachingati?"

Iye ankaseka nawo.

Diski itapezeka, anakopera. Pulogalamu yoyamba inayesa kubwezeretsa manambala a pazitseko aja, inakanika. Yachiwiri inabweretsa mafoda okhala ndi mayina onse bwinobwino, koma m'kati mulibe kanthu. Tsiku limenelo anakhala kuseri kwa shopu, mutu uli pakati pa mawondo, mpaka Anti anamutsatira.

"Ukalira kwanu. Pano zitseko zakana, ndiye tilowa nyumba ndi nyumba."

Anamuonetsa pulogalamu ina, yosasamala za mayina. Imangoyenda diski yonse kuyambira kumutu mpaka kumchira, kutola chilichonse chooneka ngati chithunzi kapena vidiyo. Mafayilo anatuluka ankhaninkhani, opanda dzina, opanda tsiku. Ena anali athunthu. Ena ankangoonetsa mizere yobiriwira, ndipo amenewa ankawakankhira pambali ngati zinyalala. Njira inali imodzi basi: kutsegula lililonse n'kumvetsera.

Anavala mahedifoni n'kulowa m'maukwati a eni. Anamva abusa, anamva nthungululu, anamva alangizi akubwereza malangizo omwewomwewo. Bambo ake sanawamve. Apa m'pamene anakumbukira lamulo lawo, limene ankalinena monyadira: wojambula alibe pakamwa. Munthu uja analisunga lamuloli mpaka kumulanda nalo mwana wake mawu a bambo ake.

Pa ukwati wina buluku la mkwati linang'ambika akuvina. Chithunzi chinayamba kugwedezeka pang'onopang'ono, m'mwamba, pansi. Mnyamatayo anaimitsa vidiyo. Anawadziwa mapewa amenewo. Bambo ake ankaseka, koma atatseka pakamwa.

Kunali kuwapeza ndi kuwasowa nthawi imodzi.

Tsiku lina mayi wina wobweretsa laputopu anasuzumira pa kompyuta yake n'kugwira pachifuwa.

"Aaa! Uyo si ine? Taonani chiuno chomwe ndinali nacho!"

Vidiyo yake ya ukwati inapita kalekale ndi akuba. Anachoka nayo atainyamula ngati dzira, ndipo pakamwa pake sipanatseke. Anthu anayamba kubwera. Wina ndi diski ya zithunzi za ana, wina ndi kamemori kadi kotafunidwa ndi galu, wina ndi ntchito yake ya kusukulu. Mnyamatayo ankakopera kaye, kenako n'kufufuza modekha. Zina ankazipeza, zina ankanena zoona kuti zapita. Anti anasuntha makatoni n'kumupatsa tebulo lakelake pafupi ndi windo.

Anthu ankachoka akumwetulira ndi zawo. Iye zake anali asanazipeze. Mafayilo athunthu anatha onse.

Akumwa tiyi masana ena, wailesi ya telala ikuimba kuseri kwa khoma, anaika kapu pansi. Woimbayo sankamuona, koma ankamumva. Nanga mafayilo a mizere yobiriwira aja? Anali atawaweruza ndi maso okha. Chithunzi chikafa, si kuti mawu afanso.

Anayamba kuchotsamo mawu okha, fayilo ndi fayilo. Ambiri anali phokoso ngati mvula padenga. Ena anali nyimbo zodukaduka. Anapitiriza. Ndiye m'fayilo lina munamveka mipando ikukokedwa, mwana akulira chapatali, kenako pafupi penipeni, ngati munthu waima kumbuyo kwa khutu lake:

"Pepani mayi, tasunthani pang'ono. Mukutchinga."

Kakutsokomola kamodzi. Basi, fayilo linathera pomwepo.

Anti anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Anangotenga kasitomala amene anali patebulo la mnyamatayo n'kupita naye patebulo lawo.

Mnyamatayo atafika kunyumba anapeza amayi ake akusita zovala pabalaza. Sanawafotokozere chilichonse. Anaika patebulo foni imene anakoperamo mawu aja n'kudina.

"Pepani mayi, tasunthani pang'ono. Mukutchinga."

Amayi aja anasuntha. Anasunthadi, phazi limodzi chakumanzere, simbi ili m'manja, asanadziwe n'komwe chimene akuchita. Kenako anaiika pansi n'kugwira pakamwa.

"Bambo ako amenewo," anatero, kuseka ndi misozi zikulimbana. "Ndikangoima kutsogolo kwa TV mpira uli mkati, mawu ake anali omwewa. Koma ine sankandiuza pepani!"

Anakhala pampando, n'kukokera foniyo pafupi.

"Ikanso, mwanawe."

Anaikanso. Zovala zija zinazizira patebulo zosasitidwa.

Sindikunamizani kuti zonse zimene mwataya zidzabwerera. Mnyamatayu ankafuna kumva akuitanidwa dzina lake, koma anapeza mawu opita kwa mayi wachilendo, ndipo mpaka lero zimamuwawa. Komabe m'nyumba mwawo mawu aja akumvekanso, ndipo sadzaiwalikanso. Inunso fufuzani modekha, ndipo zimene munazikankhira pambali kuti zinawonongeka, kazimvetsereninso. Zambiri zatayika kale, abale anga. Mtima wokhawo musautaye.