Maluwa Anga pa Khonde la Mphatso

Chaka chimene fodya wathu anabwezedwa ku okushoni, ndinauza mng'ono wanga Mphatso kuti ndikupita ku Joni. Bambo a mwana wanga Tadala anali atapita kale ku Lilongwe ndi mkazi wina, ndipo ine ndinali nditatopa ndi kusoka fodya m'chigafa chodontha. Tadala anali ndi zaka zitatu. Ndinamusiya m'manja mwa Mphatso, amene nyumba yake inagundizana ndi yanga kwathu ku Kaomba. Ndinasiyanso duwa langa loyanga, limene ndinapempha kwa mayi wina wa ku Nkhamenya n'kubzala pangodya ya khonde. Linali lisanachite maluwa ngakhale kamodzi.

Ku Joni ndinkachapa, kusita ndi kulera ana a eni. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, pena kugonera tiyi kuti Tadala asasowe kanthu. Tsiku londivuta linali Lamulungu, chifukwa mabwana ankatuluka onse, ine n'kutsala ndi foni. Mphatso ankatumiza zithunzi, ndipo chimodzi sindichiiwala. Tadala anali atakhala pamiyendo ya Mphatso akulukidwa tsitsi, pamwamba pawo pakulendewera maluwa aakulu achikasu, oyasama ngati malipenga. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala. Khondelo silinali langa. Duwa lija linali litayanga pa mpanda wa udzu n'kukwera denga la Mphatso.

Nditamufunsa, anaseka. “Nanga ndikanaliletsa, achemwali? Latsata kumene kuli anthu.”

Ndinakhala nthawi osamuimbira foni, koma zithunzi ndinkaziona zonse. Ndinayamba kugulira Tadala madiresi odula ndi nsapato zoyaka magetsi, n'kupatsira madalaivala a mabasi. M'zithunzi zotsatira ankaoneka atavala kadiresi kachitenje kamene Mphatso anamusoketsa kwa telala. Akuti ndiko ankakakonda. Ndinkalira ndikusita malaya a ana a eni, uku ndikumutukwana mng'ono wanga mumtima, munthu amene ankandilerera mwana osadandaula.

Ndinabwerera Tadala ali Sitandade 4. Basi inanditsitsa pa Kasungu boma m'nyengo yothyola fodya, njira yonse zigafa zitadzaza. Nyumba yanga ndinaipeza chiswe chitadya mafelemu a zitseko. Tsinde la duwa lija linali pomwe ndinalisiya, litanenepa ngati mkono wanga, koma maluwa onse anali tsidya la mpanda. Tadala anatuluka, anagwada patali monga amachitira mwana kwa mlendo, kenako anatembenukira m'nyumba.

“Amayi, kwabwera amayi a ku Joni.”

Mphatso anandikumbatira akulira, ine thupi lili gwa. Ndinamasula zikwama, anthu anayamikira mabulangete, koma Tadala anangoima kumbuyo kwa Mphatso atagwira chitenje chake.

M'mawa mwake ndinatenga chikwanje n'kupita patsinde paja. Ndinkati ndilidule, Mphatso aone ngati maluwawo angakhale masiku awiri. Ndisanakweze dzanja, Tadala anafika ndi kandowa ka madzi otsukira mbale. Anayang'ana chikwanjecho, n'kunena kuti amayi ake, kutanthauza Mphatso, anamuuza kalekale kuti duwali ndi la amayi a ku Joni, azilithirira tsiku lililonse mpaka adzabwere. Akuti sanaphonyepo, ngakhale nthawi imene mjigo unawonongeka n'kumakatunga kudambo.

“Ndiye poti mwabwera, ndisiye?”

Ndinamuuza kuti asasiye. Chikwanje ndinachitsamiritsa kukhoma ngati ndimafuna kulambula udzu. Anathira madziwo mosamala patsinde, osandiyang'ana, kenako anadutsa pampata wa mpanda n'kubwerera kwawo. Ndinamumva akuseka ndi ana a Mphatso, akulimbirana chipwete.

Masana Mphatso ananditumizira chakudya. Chinabwera pa thireyi, m'mbale zovindikira zamaluwa zimene mayi athu ankasungira alendo. Ndinadya ndekha pakhonde langa.