Makaderinu Omwe Anakanidwa ku Msonkhano wa Ofufuza

Ndimagwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha kumidzi, kudera la Mualadzi. Ndimabaya jekeseni, ndimatsuka zilonda, ndimayeza malungo, ndipo azamba akachokapo ndimalowanso kumeneko. Anthu amangondiitana kuti a enferimeru, ndiye kuti namwino. Unamwino ndinaphunzira ku Tete, koma ubwana wanga unathera ku Zambia komwe makolo anathawira nkhondo, ndipo Chingelezi chochepa chomwe ndimachidziwa ndinachitola kumeneko.

Nkhani za mankhwala ozunguza bongo sindinachite kuzifuna, zinkabwera zokha pakhomo. Kachasu ndi chamba tinazizolowera kale. Chomwe chinandidabwitsa ndi mapilisi. Tsiku lina mayi wina anafika akukankha njinga, amuna awo atakhala pa kaliyala, thukuta lili kamukamu, akunjenjemera ngati kunja kukuzizira. Anali bambo wa ana anayi, mlimi wa chimanga, yemwe akamaliza kukolola ankapita ku Cassacatiza kukanyamula matumba pa magalimoto a m'malire. Ndinawayeza malungo, osawapeza.

"Mayi, kodi bambowa amamwa chiyani?" ndinafunsa.

Mayiwo anayang'ana amuna awo, kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kundipatsa kapepala kopanda kanthu komwe munali mapilisi.

"Anzawo a kumalire anawapatsa kuti msana usamawawe," anatero. "Poyamba inali imodzi. Pano akasowa amakhala chonchi. Dzana atha, ndiye ndawabisira njinga kuti asapite."

Ndinawapatsa zomwe ndinali nazo, zoletsa kusanza ndi madzi a mchere, koma pansi pa mtima ndinadziwa kuti ndikungopapasa. Kusukulu za zimenezi tinangozidutsa masana amodzi. Madzulo a tsikulo ndinagula kaderinu, kope lolembamo ana asukulu, n'kuyamba kulemba: munthu wabwera bwanji, amamwa chiyani, anayamba liti, kunyumba akuti chiyani. Aliyense wobwera ndi vuto lotere ndinkamulemba. Patapita zaka, makaderinu anakwana asanu.

Amene anawaona koyamba anali adotola ena achizimayi ochokera mu mzinda, omwe anabwera kudzayendera zipatala za m'boma lathu. Anali wamng'ono kwa ine, wolankhula mofulumira. Anawapeza pa shelefu, pansi pa mabokosi a magolovesi, n'kukhala pa benchi kuwerenga mpaka dalaivala wawo anayamba kuliza hutala.

"A kolega, mukudziwa kuti mwakhalira chuma?" anatero. "Kuli bungwe la asayansi ofufuza za mankhwala ozunguza bongo. Amakhala ndi misonkhano, amapereka mabolsa, ndalama zolipirira maphunziro, amalengeza ntchito. Anthu ngati inu ndi omwe amawafuna."

Anandilembetsa okha pa foni yawo. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndakwezedwa pa ntchito. Akazi anga anamvetsera zonse, n'kufunsa funso limodzi: "Nanga misonkhanoyo azidzachitira kuno?"

Misonkhano yambiri inali ya pa foni. Kwathu rede, netiweki ya foni, imabwera ndi kupita ngati mvula ya mu Okutobala, ndiye tsiku la msonkhano ndinkapempha mnzanga wa pantchito kuti andigwirire odwala, n'kukwera mota, njinga yamoto, mpaka kufupi ndi Cassacatiza, komwe foni imakoka rede ya ku Zambia. Ndinkakhala pa khonde la golosale ina, foni kukhutu, chala china nditatseka khutu linalo chifukwa cha magalimoto.

Msonkhano woyamba unali wa makoswe. Bambo wina wakunja anafotokoza kwa ola lathunthu momwe ubongo wa khoswe umasinthira akamupatsa mankhwala. Sindikunyoza, ndikudziwa kuti nzeru zimayambira kutali. Koma ine ndinali ndi funso limodzi lomwe ndinalilemba pa dzanja kuti ndisaliiwale: munthu akasiya mapilisiwa n'kuyamba kunjenjemera, pa chipatala chopanda mankhwala omwe iwo amatchula, ndimuthandize bwanji kuti asabwerere? Ndinadina kachizindikiro kokweza dzanja. Ndinadikira. Woyendetsa msonkhano atatchula dzina langa, molakwitsa, rede inathawa. Pomwe inkabwerera n'kuti anthu akutsanzikana.

Ulendo wachiwiri funsolo ndinalilemba m'kabokosi ka mauthenga. Linakwera m'mwamba, litakankhidwa ndi mauthenga a anthu othokozana. Ulendo wachitatu woyendetsa anati nthawi yatha, mafunso otsala titumize pa imelo. Ndinatumiza. Yankho linabwera lothokoza chifukwa cha chidwi changa, pamodzi ndi chiitano cha msonkhano wina. Nthawi yonseyi mnzanga uja ankandilandira ndi nkhope yolemera, chifukwa misonkhanoyi inkagwa masana a masiku a sikelo ya ana, mzere utafika kumsewu.

Ndinatembenukira ku tsamba la mwayi wa ntchito ndi maphunziro. Munalidi zambiri, adotola sananame. Koma fomu iliyonse inali ndi khomo lomwe ine sindikanadutsa. Ina inkafuna ndisankhe digiri yanga pa mndandanda, ndipo satifiketi yanga ya unamwino panalibe. Ina inkafuna kalata ya pulofesa yemwe amandidziwa bwino. Pulofesa angandidziwire kuti ine, munthu wa ku Mualadzi? Ya bolsa inali ya ofufuza achinyamata, ndipo zaka zomwe anaika ndinazidutsa mwana wanga woyamba asanalowe sekondale. Panali ina yolumikiza oyamba kumene ndi akatswiri oti aziwalangiza. Iyi inandilandira. Mlangizi wanga anandilembera kamodzi, mwaulemu kwambiri, kunena kuti ali pa ulendo ndipo tidzalankhulana akabwerako. Mwina sanabwerebe.

Bambo a mapilisi aja ankabwera ndi kusowa. Ankasiya miyezi iwiri nthawi yolima, thupi n'kubwerera, kenako kukolola kukatha ankapitanso kumalire. Akazi awo anadziwa kuti ndalowa bungwe la anthu ophunzira, ndipo tikakumana pamsika ankandifunsa, "A enferimeru, anzanu aja sananenepo kanthu?" Ndinkayankha kuti tikukambirana.

Chaka china adotola anandiimbira kuti bungwe lichititsa msonkhano wa maso ndi maso ku Maputo, ndipo pali gawo la anthu ogwira ntchito kumidzi. Anandithandiza kulemba mwachidule zomwe zinali m'makaderinu. Anandilandira, ndipo bungwe linalonjeza kulipira ulendo. Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu, mpaka ku Tete, n'kukwera ndege koyamba m'moyo wanga, makaderinu asanu ali m'chikwama pamiyendo. Akazi anga anali atawakuta ndi pulasitiki kuopa mvula.

Tsiku loyamba, pa nthawi ya tiyi, adotola ananditengera kwa pulofesa wina wachikulire, mmodzi wa oyendetsa msonkhano. Anali munthu wofatsa, wa imvi ngati ine. Anatsegula kaderinu yoyamba, n'kuwerenga masamba angapo, akugwedeza mutu.

"Mwagwira ntchito yaikulu," anatero. "Koma ndifunse. Anthu awa anavomera kuti muwalembe?"

"Anabwera kudzalandira thandizo, bambo. Ndinkawafunsa, iwo n'kumayankha."

"Anadziwa kuti mudzaima pa gulu n'kumanena za iwo? Muli ndi chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa pa anthu?"

Ndinati ndilibe. Komiti imeneyo ndinali ndisanaimvepo.

Anatseka kaderinu n'kundibwezera ndi manja awiri. "Ndiye simungazionetse. Muli midzi, muli zaka, muli ntchito za anthu. Wa kwanuko akhoza kuzindikira mnzake. Ena mwa awa akhoza kumangidwa. Lankhulani za zomwe mwaona pa ntchito yanu, koma zolembazi zikhale m'chikwama."

Ndinapita kuchimbudzi n'kuima pa sinki nthawi yaitali. Ndinakwiya, ndipo chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti pulofesayo sanalakwe. Ndinaganiza za bambo a mapilisi aja, momwe akanamvera atadziwa kuti kunjenjemera kwawo ndakunyamula mpaka ku Maputo osawauza. Koma zaka zonsezi ndili m'bungwe, misonkhano yonse ija ya pa khonde la golosale, panalibe ndi mmodzi yemwe anandiuzako zimenezi. Adotola nawo anapepesa, akuti ankaganiza kuti zinakonzedwa kale.

Masana ndinabwerera kwa pulofesa kukafunsa momwe chilolezocho chimapezekera. Anati pempho limadzera ku yunivesite kapena ku likulu la kafukufuku, ndipo woliyendetsa akhale ndi digiri. Ndinafunsa momwe munthu ngati ine angapezere digiri. Anati bungwe lili ndi mabolsa. Ndinawauza zaka zanga. Anangonena kuti nkhani imeneyo ndi yofunika kuikambirana mu komiti.

Gawo lathu la ogwira ntchito kumidzi analiika pomalizira penipeni, tsiku lotsiriza. Olankhula a m'mawa anadya nthawi, ndipo pofika ife anthu anali akukoka masutikesi kuthamangira ndege. Tinali anayi, aliyense anapatsidwa mphindi ziwiri m'malo mwa khumi. Ndinaima kutsogolo kwa mipando yopanda anthu, n'kunena kuti ndimachokera ku Mualadzi m'boma la Chifunde, kuti kwathu amuna onyamula katundu akumwa mapilisi a ululu mpaka kulephera kusiya, ndipo kuti ndikufuna wina andiuze chochita nawo. Mtsikana wosunga nthawi anakweza kapepala kosonyeza kuti nthawi yanga yatha. Anthu ochepa omwe analipo anaomba m'manja.

Chokhacho chomwe ndinabwera nacho chinachokera kwa namwino mnzanga wa kuchigawo china, yemwe tinakhala limodzi pa chakudya chifukwa tonse sitinkadziwa munthu. Anandiuza kuti iye anatopa kudikira, ndiye amasonkhanitsa odwala otere pamodzi ndi a m'banja mwawo kamodzi pa sabata, kuti azilankhulana okha.

"Sikuti amachira onse, achimwene," anatero. "Koma akasowa, pamakhala wina wodziwa komwe ali."

Nditabwerera, akazi a bambo a mapilisi aja anabwera kuchipatala tsiku lachiwiri lomwe. Sanadwale, anangomva kuti ndafika. Anakhala pa benchi kudikira mpaka mzere utatha.

"Mwayenda bwanji, a enferimeru? Anati bwanji akuluakulu aja?"

Ndinawauza zoona. Ndinati mankhwala sindinabwere nawo, yankho sindinabwere nalo, ndiponso ndinalakwa kulemba za amuna awo popanda kupempha. Anandiyang'ana modabwa.

"Inu lembani," anatero. "Mudzi wonse ukudziwa kale. Ine ndimafuna munthu wanga abwerere kumunda."

Amuna awo n'kuti ali kumalire sabata yachitatu osabwera kunyumba.

Ndinayamba kusonkhanitsa anthu Lachisanu masana, kuseri kwa chipatala komwe kuli mthunzi. Amabwera ochepa, ambiri ndi akazi ndi amayi a omwawo. Mayi aja sajomba. Amuna awo anabwerapo kamodzi, anakhala kumbuyo chipewa chili m'manja, ndipo anachoka tisanamalize. Chaka chino alima ndime yonse, koma kukolola kukubwera ndipo palibe akudziwa.

Za chilolezo, adotola anavomera kuti pempho lidzere m'dzina lawo. Tinalemba limodzi mafomu, pamodzi ndi kalata yopempha chivomerezo cha odwala, yomwe ndinaimasulira m'Chinyanja ndekha. Zisanapite, anandiimbira mosangalala kuti apeza ntchito kunja kwa dziko, kudzera pa tsamba lomwe lija la bungwe. Ndinawafunira zabwino, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima, chifukwa ndi munthu wolimbikira. Anati adzapeza wina woti asaine m'malo mwawo. Papita miyezi, ndawakumbutsa kawiri, ndipo kachitatu ndikuchita manyazi.

Mauthenga a bungwe amabwerabe, rede ikalola. Sabata yatha unabwera wondipempha kuti ndiyankhe mafunso a momwe bungwe lingafikire bwino anthu ogwira ntchito kumidzi. Ndinayamba kuyankha nditaima pa chulu cha kuseri kwa nyumba ya mnzanga. Pa tsamba lachiwiri panali funso lokakamiza la dzina la yunivesite yanga, ndipo fomu inakana kupitirira ndisanalembepo kanthu. Ndinaika foni m'thumba n'kubwerera kuchipatala, komwe mayi wina ankandidikira ndi mwana wotentha thupi.