Tsiku limene adzukulu anatula makasu pakhomo pathu

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa chogona pa simenti. Amayi a kumpingo amene anachezera kuimba anali owerengeka ndi zala, ndipo mawu awo anali atasasa. Mayi anga anali chikhalire pafupi ndi bokosi la bambo, maso ali kukhoma. Nditasuzumira panja ndinaona moto wa amuna utatsala makala, pozungulira pake pali amalume ndi akulu a mpingo anayi okha. Bambo anaphunzitsa theka la mudzi uno kulemba dzina, koma pasiwa pawo panalibe anthu oti n'kumaliza chikuni chimodzi.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Atapuma uphunzitsi, bambo anapatsidwa chitini choyezera mvula, n'kuchizika kuseri kwa nkhokwe. M'mawa uliwonse ankathira madzi ake m'kabotolo ka mizere, kulemba m'kope, kenako kutumiza nambalayo pa foni ku bungwe lina ku Blantyre. Dzinja lapitali kwathu kuno, kufupi ndi Mauwa, kunachita ng'amba, chimanga chinauma chikulekeza m'chiuno. Koma mndandanda wa madera olandira chimanga cha thandizo utatuluka, dera lathu munalibe. Anati malinga ndi nambala, ife tinalandira mvula yokwanira. Mudzi wonse unaloza chala bambo, kuti mwini chitini ndiwo, ndiye wabodza ndiwonso. Miyezi itatu yomaliza ya moyo wawo, anthu ankapatuka akawaona panjira.

Chimene mudzi sunkadziwa n'chakuti nambalazo zinkafikira pa desiki panga. Kuno ankangodziwa kuti mwana wa aphunzitsi amagwira ntchito mu ofesi m'tauni. Ntchito yanga ndi yosanthula nambala za mvula. Timaika pamodzi za malo oyandikana, ndipo ikapezeka ina yotalikirana kwambiri ndi zinzake timaikayikira, kuti mwina chitini chikudontha kapena woyeza walakwitsa. Timaichotsa n'kuikapo ya pakatikati pa zinzakezo. Za ku Nchema ndi malo ena otizungulira zinkasonyeza mvula, za bambo zokha ndi zimene zinkati kwauma. Ndinakumbukira ng'ala imene inali itayamba m'diso lawo, ndinati nkhalamba yayamba kuona mizere iwiriiwiri. Mayi akadandaula pa foni ndinkati mlimi ndi kale lomwe salephera kulira. Nambalazo ndinazichotsa masana ena ndikudya mbatata yootcha, osaimba n'komwe kufunsa. Nditazindikira kulakwa kwanga ndinalembera akuluakulu anga, iwo anati mndandanda unatsekedwa kale. Ndinasoka pakamwa.

Dzuwa linatuluka lolusa, la mu Okutobala. Azakhali anasonkha moto kuseri kwa nyumba n'kutereka nandolo. Pa maliro khomo lililonse limabwera ndi kambale ka ufa, koma tsikuli dengu lolandirira ufawo linalibe kanthu. Mayi wina anafika ndi mbale yopanda kanthu, anaigogoda m'mphepete mwa dengu ngati akukhuthula, n'kukakhala pansi. Anthu anayamba kuchuluka cha m'ma eyiti, ena pa njinga, ambiri wapansi. Sanabwere kudzalira ayi, anabwera kudzaonerera. Bambo wina akupukuta thukuta ananena mokweza kuti anthu asamale poyenda, kunjaku kuli matope. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Ndinapsa mtima. Ndinkawayang'ana mmodzimmodzi, anthu amene bambo ankawalembera makalata, kuwawerengera za kuchipatala, ndipo ndinkadana nawo. Kudana nawo kunali kosavuta kusiyana ndi kudziyang'ana ndekha.

Cha m'ma teni adzukulu, amene anapita kumanda m'mamawa kukakumba, anabwerera pa mzere. Anatula makasu ndi mafosholo pakati pa bwalo. Nyimbo inadukira panjira. Mkulu wawo, munthu wamtali wa chipewa chong'ambika, anaima pamaso pa amalume osavula n'komwe chipewacho.

"Amalume, ife nthaka yatikana, yauma ngati mwala," anatero. "Koma poti malemuwa analemba kuti kuno kunagwa mvula, ndiye kuti kwa iwo ndi yofewa. Abale awo akakumbe okha."

Amalume anapepesa, anaomba m'manja, analonjeza nkhuku ina pamwamba pa imene inatumizidwa kale. Mkulu wa mpingo anakumbutsa kuti maliro n'kulirana. Adzukulu anangokhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kupichira fodya. Amuna a m'banja mwathu ndi atatu, awiri mwa iwo okalamba, ndipo nthaka ngati imeneyo sakanaiboola tsiku limodzi. Malata anali atayamba kulira ndi kutentha. M'nyumba ntchentche zinali zitafika, ndipo azakhali ankazikupiza ndi chitenje. Bambo anamwalira dzana lake. Thupi lawo silikanadikira mawa.

Ndinalowa kuchipinda n'kutenga kope lawo pa shelefu. Ndikudziwa kuti munthu wamkazi sayankhula pa bwalo lotere, ndipo amalume anandikodola kuti ndibwerere, koma ndinapitirira. Kopelo ndinam'patsa mkulu wa adzukulu.

"Werengani, si ndiwo anakuphunzitsani kuwerenga?"

Anatsegula. Januwale, Febuluwale, tsamba ndi tsamba, bambo anali atalemba ziro m'zilembo zawo zoongoka za pa bolodi. Pena analembanso m'mphepete kuti mitambo yadutsa osagwetsa kanthu. Kenako ndinanena zonse: kuti bambo anatumiza zoona, kuti zinafikira kwa ine, kuti ndinazitaya poganiza kuti maso awo atha.

Bwalo linaphulika. Sindinamve zonse. Mayi wina wobereka mwana wa tsitsi lofiirira anadzaima pafupi nane n'kundilavulira kumapazi. Wina anafuula kuti sukulu yanga yawadyetsa mango osapsa. Wa matope uja, amene m'mawa ankaseka, tsopano ndiye ankalira kwambiri kuti atukwanitsa munthu wosalakwa, ngati kuti pakamwa pake ndinatsegula ndine. Mkulu wa adzukulu anatseka kope, analipereka kwa amalume ndi manja awiri, n'kutola khasu lake.

"Aphunzitsi tikawakumbira," anatero. "Koma achemwaliwa kumanda asakapondeko."

Anakumba mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamva kuti anachita kuthira madzi a pa mjigo kuti nthaka ifewe. Ufa umene unasowa m'mawa unayamba kutuluka m'makomo, m'timbale tating'ono, ndipo ndinadziwa kuti ena akupereka chakudya chawo cha mawa. Bokosi litatuluka, amuna ankalimbirana kulinyamula. Nyimbo inakwera mwamphamvu imene sinamveke usiku wonse. Mayi anga anadutsa atagwiridwa mbali zonse, sanandicheukire. Ine ndinaima pakhonde, ndikuona fumbi likutsatira mzere wa anthu mpaka unakhotera kuseri kwa nsungwi. Bambo anga anaikidwa ndi mudzi wonse, kupatula ine.

Madzulo anthu anabalalika msanga. Panatsala phulusa, mikeka yopindapinda ndi masamba amene anaikidwa pamsewu. Azakhali anagona kuchipinda. Mayi anakhala pa malo pamene panali bokosi, ndipo ine ndinawapatsa madzi akumwa. Mumtima ndinkayembekeza kuti anena kuti ndachita bwino, dzina la bambo layera. Analandira kapu n'kuiika pansi osamwa.

"Ukuyesa bambo ako sankadziwa?" anatero. "Tsiku lomwe mndandanda unatuluka anandiuza kuti ndiwe, ndipo anandilumbiritsa. Anati iwo ndi mkamwini, ndiponso ulendo wawo wayandikira. Iwe kwanu n'kuno, munda ndi wako, manda ako ali konkuno. Miyezi itatu anameza zotukwana kuti iwe uzitha kufika pakhomo pano mutu uli m'mwamba. Iwe wazimwaza m'mawa umodzi."

"Nanga amayi, bambo akanagona panja osaikidwa?"

Anakonza duku lawo, anaimirira pogwira khoma, ndipo ali pakhomo la kuchipinda anandiuza kuti ndinyamuke kusanache, ndidzere njira ya kumunda kuti anthu asandione.