Oyilo wa Injini ya Amalume

Amalume anga anagulitsa ng'ombe zawo ziwiri zapangolo n'kukagula injini ya boti ku Zambia. Inde, injini ya boti, ife a ku Mchinji amene nyanja timangoimvera pa wailesi. Nzeru zawo zinali zakuti dzinja likafika mtsinje wa Bua umadzaza, ndipo anthu a tsidya lina amavutika kuoloka popita kuchigayo ndi kuchipatala. Boti lamatabwa anali atakhometsa kale. Injiniyo anafika nayo ataikulunga m'bulangete ngati wodwala.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi kagalaja kanga pa Kamwendo, kokonza njinga zamoto za akabaza. Anthu ankati manja anga ndi abwino, ndipo ine sindinkawatsutsa.

"Mphwanga," anatero amalume akuitsitsa, "za mainjini ndi zako. Uthiremo oyilo woyenera, Loweruka tikaiyese pamadzi. Ng'ombe zanga zonse zili m'menemu."

"Wogulitsayo anati chiyani za oyilo?" ndinafunsa.

"Anayankhula zambiri, Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chingelezi chija. Chimene ndinatolapo n'chakuti osailiza pouma, imamwa madzi."

"Musadandaule, amalume. Injini ndi injini."

Atangochoka ndinavundukula chivindikiro kuti ndione pothirira oyilo. Panalibe. Ndinafuna kawaya koyezera oyilo kaja, osakapeza. Ndinaizungulira, kuigoneka, kuidzutsa, kuisuzumira kunsi, koma ayi ndithu. Mapulagi ndinawaona, kabuleta ndinamuona, chingwe cholizira chinalipo. Nanga oyilo amalowera pati? Zolembalemba za pambali zinali zitafufutika ndi dzuwa. Apa mutu wanga unaima.

Ndinapita kumashopu ogulitsa masipeya, ndikufunsa mozungulira kuti asadziwe kuti ndagwira njakata. Woyamba anati ndithire wa njinga yamoto. Wachiwiri anati injini ya m'madzi imafuna oyilo wolemera wa thiraki, chifukwa m'madzi mumazizira. Wachitatu, bambo wina amene anagwirapo ntchito pachigayo, anati wa dizilo salakwa paliponse. Aliyense ankayankhula motsimikiza, chonsecho panalibe amene anakwerapo boti. Ndinabwerako nditasokonezeka kuposa mmene ndinapitira.

Madzulo ake ndinaona timabawuti tiwiri kumwendo kwa injiniyo, pafupi ndi mapiko opalasa madzi aja, kena m'mwamba kena m'munsi. Nditamasula kam'munsi munatuluka oyilo wotuwa, wonunkha. Mtima unakhala pansi. Ndinati basi, ndi pamenepa. Zinandidabwitsabe kuti oyilo akhale kuphazi pamene pisitoni ili kumutu, koma ndinadziyankha ndekha kuti mwina muli pampu yomukweza. Azungu amapanga zinthu zawo mwanjira zawo.

Ndinasankha wa njinga yamoto, wokwera mtengo, poti ndi amene ndinkamudziwa. Kumuthira kwake inali nkhondo. Ndikathira pa kabowo kam'mwamba ankangobwerera, mpaka ndinachita kubwereka jakisoni wa mbuzi. Analowa wochepa kwambiri, ndipo zimenezonso sindinazimvetse. Injini yonseyi n'kumwa oyilo wosadzaza n'kapu yomwe?

M'thanki munali petulo wotsalira, wamtundu wachilendo, woterera m'zala. Ndinapsa mtima. Ndinati taonani anthu opanda chisoni, kugulitsa nkhalamba petulo wosakaniza! Ndinamutaya yense, kutsuka thankiyo bwinobwino, n'kuthiramo petulo woyera wapampu. Nditaimika injini mu mgolo wa madzi n'kukoka chingwe, inalira kamodzi n'kamodzi. Ndinaithimitsa msanga ndikudziyamikira.

Loweruka anthu anadzaza padooko. Amalume anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kukhala kumbuyo atagwira chiwongolero. Tinaoloka ulendo woyamba azimayi akululutira. Pobwerera ndinamva kulira kwa injini kukusintha, kukuuma, ndipo kunkamveka fungo la chitsulo chopsa. Tili pakati pa mtsinje inangoti gwa, n'kukhala chete. Ndinakoka chingwe, chosasuntha n'komwe. Tinafika kumtunda tikukankha botilo ndi nsungwi, anthu akuseka, ena akuyang'ana kumbali.

Ndinaiphwasula kugalaja. Pisitoni inali itakakamira, m'kati monse mouma mopanda ngakhale dontho la oyilo. Koma kumwendo oyilo wanga anali momwemo, woyera ngati ndangomuthira. Masiku awiri ndinakhala ndikuyang'ana zitsulozo osamvetsa kanthu.

Amene anandimasula ndi dalaivala wina wa thiraki, wa ku Nkhotakota, amene anaima kudzabwereka sipanala popita kuboda. Ataona injiniyo anafunsa kuti ndinkasakaniza bwanji.

"Kusakaniza chiyani?"

Dalaivala uja anapukusa mutu. "Achimwene, injini iyi ilibe pothira oyilo. Oyilo wake amalowa limodzi ndi petulo, mumasakaniza m'thanki. Ndipo pali wake wa maboti, osati aliyense ayi. Kumunsi uku n'kwa magiya. Kumafuna oyilo wina, wolemera, wopirira madzi akalowa. Mumamupopera kuchokera pa bowo lam'munsi mpaka atulukire pamwamba."

"Kuthira kuchokera pansi?"

"Eya, kuti mpweya utuluke. Nanga petulo amene inabwera naye ali kuti?"

Ndinakumbukira petulo woterera uja amene ndinataya. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa anthu atatu, phula n'kudyabe. Dalaivalayo anagwedeza zitsulo zija n'kunena kuti kuikonza n'chimodzimodzi kugula ina.

Mawa lake ndinapalasa njinga kupita kwa amalume. Ndinawapeza akusenza matumba a mtedza kuchokera kumunda, thumba limodzi ulendo umodzi. Ndinawafotokozera zonse, za timabawuti, za petulo amene ndinataya. Iwo anatsitsa thumba n'kulikhalira.

"Wauzako ndani zimenezi?"

"Palibe, ndi inu nokha."

"Zithere pompano. Ine ndauza kale anthu kuti anandipusitsa, ndinagula injini yakufa."

"Koma si zoona, amalume. Akukusekani mudzi wonse. Injini inali yabwino, ndaipha ndine."

"Ndikudziwa. Ndinakuona nkhope tsiku lija usanakoke n'komwe chingwe." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Ine ndakalamba, akandiseka sindichepa. Iwe akamva kuti unapha injini, ndani adzakubweretserenso njinga yake? Ana ako adzadya chiyani?"

Ndinafuna kuti andikalipire, mwina ndikanapepukidwa. Koma anangodzuka n'kundiuza kuti ndiwasenzetse thumba.

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kuwamvera. Galaja langa linakula, ndipo pa shelefu pamakhala oyilo wamitundumitundu amene ndimafotokozera anthu mosaphonya. Pamaliro pa amalume chaka chatha, bambo wina atakhala pafupi nane anayamba kukamba za malemu amene anapusitsidwa ku Zambia, anthu n'kumaseka chapansipansi. Kenaka anandigwira bondo n'kunena kuti, "Ngakhale katswiri wathuyu inamukanika, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.