Eliness Ananyema Mkate Pawiri

Ku Hara mukafunsa kwa Eliness Kayira, anthu sakulozerani msanga. Amayamba ndi kukufunsani ngati mwatumidwa ndi mpingo. Mukati ayi, ndiye amakuuzani kuti mutsate ngalande yaikulu mpaka pamtengo wa mango wopendama. Pamenepo mukapeza mayi wamfupi, wamapewa otakata, ataweramira m'matope, ndipo m'mbali mwa munda mukaona mtsikana wamkulu ndithu akugwedeza chitini cha miyala kupirikitsa mbalame. Ameneyo ndi NyaKayira ndi mwana wake Ipyana.

Eliness anabadwira momwemo musikimu ya mpunga, m'nyumba ya mkulu wa mpingo. Anali awiri, iye ndi mlongo wake wamkulu Yotamu. Yotamu anatengera bambo awo kukonda kuwerenga, ndipo atakula anadzakhalanso mkulu wa mpingo. Eliness anatengera liuma, ngakhale palibe amene ankavomera kuti linachokera kwa iye. Kukalasi ya mpingo ankaloweza mayankho onse bwinobwino, koma akamaliza kuyankha ankawonjezerapo funso lake, mpaka mphunzitsi anakadandaula kunyumba. Anakwatiwa ndi Ambokile Mwalwimba, mnyamata wa Chinkhonde wochokera cha ku Kaporo, wofatsa, woseka pang'onopang'ono, amene vuto lake linali botolo basi.

Ipyana anabadwa wathanzi ndipo anayamba kulankhula msanga. Anabatizidwa ali wakhanda monga ana onse a mumpingomo. Ali ndi zaka zinayi, nthawi yowokera mpunga, malungo aakulu anamugwira. Anakomoka ali kumsana kwa mayi ake panjira yopita kuchipatala. Anatsitsimuka patapita masiku, koma mawu sanabwerere naye. Anakula akuyenda, akudya yekha, akuzindikira anthu ake, koma maganizo ake anatsalira pa uwana. Chimene sanataye ndi nyimbo. Nyimbo iliyonse ya m'tchalitchi ankaitsatira cham'mero, pakamwa ali chitsekere, osaphonya pokwera kapena potsika.

Mgodi wa ku Kayelekera utatsegulidwa, Ambokile anapeza ntchito yoyendetsa galimoto yothira madzi m'misewu ya fumbi. Utaima, anabwerako alibe chochita, n'kumangozungulira pa Karonga Boma kufuna maganyu. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi abusa Keith, mlaliki wachinyamata wa mpingo watsopano. Ambokile anakweza dzanja pamsonkhano wina, anapita kutsogolo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mowa sanaulawenso. Eliness sanatsutse zimenezo. Ankanena yekha kuti chimene iye analephera ndi pakamwa pake kwa zaka zambiri, mnyamata uja anachikwanitsa masana amodzi.

Mavuto anayamba abusa Keith atabweretsa msonkhano wawo pa Uliwa, pafupi ndi Hara. Eliness anali kumunda pamene mnzake anamutsina khutu kuti Ambokile watenga Ipyana n'kupita naye kumeneko. Anapita osasamba, matope ali m'maondo. Anapeza mwana wake ataimikidwa kutsogolo kwa khamu, anthu atamuzinga, chimkuzamawu chili pakamwa pake. Ankamuuza kuti anene mawu atatu okha, akuti ndalandira Yesu wanga. Ipyana anali atatseka makutu ndi manja onse awiri, akunjenjemera.

Eliness anadutsa pakati pa anthuwo n'kumugwira dzanja.

"Mayi, musamuchotse," anatero abusa Keith. "Chipulumutso sabwerekana ngati chitenje. Munthu amasankha yekha, n'kuvomereza ndi pakamwa pake. Mulungu sakokera munthu kumwamba ndi chingwe. Mwanayu wamangidwa ndi mzimu wosalankhula, ndipo tikufuna amasuke kuti asankhe."

"Anamangidwa ndi malungo," anayankha Eliness. "Ine ndinalipo. Inu munali kusukulu."

Anatembenukira mwamuna wake, bambo a mwanayo. "Awiske Ipyana, tiyeni kunyumba, kapena tsalani. Koma uyu simudzamuimikanso pagulu ngati mbuzi ya pamsika."

Abusa Keith sanali munthu woipa mtima. Mpunga utacha, anabwera kumunda kudzapepesa chifukwa choopseza mwana. Mwatsoka tsiku limenelo Yotamu analinso komweko, akuthandiza kupuntha. Kupepesa kunatha msanga, ndipo amuna awiriwo anayamba kulimbana ataimirira mbali ziwiri za mulu wa mpunga. Yotamu ankati munthu wochimwa ali ngati mtembo, ndipo mtembo sukweza dzanja. Mulungu anasankhiratu ake dziko lisanalengedwe, ndipo amene anamusankha sangatayike. Abusa Keith ankati ngati zili choncho kulalikira n'kutaya nthawi, ndipo Mulungu wolenga anthu ena kuti akangopsa sangatchedwe wachikondi. Yotamu anati chifundo si ngongole. Abusa Keith anati chikondi chokakamiza si chikondi. Ankatchula mavesi mopikisana, aliyense akuloza Ipyana ndi chala pofuna chitsanzo, pamene mwini wakeyo anali atakhala pathumba akutola mankhusu pa diresi lake.

Eliness anawamvetsera akupeta. Mawu a mlongo wake anamulowa mumtima ngati madzi ozizira. Ngati Mulungu sadikira pakamwa pa munthu, ndiye kuti mwana wake sanatsalire panja. Abusa Keith atachoka, anaika lichero pansi.

"Adumbu, mwalankhula bwino lero," anatero kwa mlongo wakeyo. "Ndiye Mgonero ukubwerawu Ipyana adye nafe."

Yotamu anayang'ana kumbali. "Zimenezo ndi zina, mdumbu. Pagome pamafika amene anaphunzira kalasi n'kuvomereza chikhulupiriro pamaso pa mpingo."

"Avomereze ndi chiyani?"

"Ndi pakamwa."

"Si zomwe amanena mnyamata mwamuthamangitsa uja?"

"Ayi, n'zosiyana. Ife sitinena kuti pakamwa pamapulumutsa. Koma sitidziwa amene Mulungu anasankha. Timangoona zizindikiro. Ngati Ipyana anasankhidwa, apulumuka ngakhale asadye Mgonero. Ngati sanasankhidwe, mkate sungamuthandize."

Liwu lakuti ngati linamubaya Eliness kuposa zonse zimene anamva pa Uliwa. Anayang'ana mlongo wake, munthu amene ananyamula Ipyana m'manja tsiku la ubatizo.

"Ndiye uyo akuti mwana wanga alankhule kaye, inu mukuti tidikire tikaone kumwamba. Nonse awiri mwamusiya pakhonde. Siyani mpunga wangawo, ndipuntha ndekha."

Mumpingo mwawo, tsiku la Mgonero, osadya ankatuluka kapena kukhala kumbuyo nyimbo yokonzekera ikayamba. Kwa zaka zambiri Eliness ankatulutsa Ipyana n'kumusiya pansi pa mtengo ndi ana, ndipo ali m'kati ankamumva akutsatira nyimboyo panja. Sabata imeneyo sanamutulutse. Anamukhazika pambali pake pabenchi ya amayi, dzanja lake lili pabondo la mwanayo. Mkulu woyang'anira pakhomo anamukodola, koma Eliness anangoyang'ana kutsogolo.

Mbale ya mkate inabwera ndi Yotamu. Anafika pa mlongo wake, anamupatsa, ndipo anadumpha Ipyana monga mwa lamulo. Eliness anatenga kachidutswa kake, kakang'ono ngati nsonga ya chala, anakanyema pawiri poyera, osabisa m'chitenje. Theka analiika m'dzanja la Ipyana. Mwanayo anayang'ana mayi ake, anadikira mpaka iwo atadya, ndiye nayenso anadya. Ndi kakapu ka vinyo anachitanso chimodzimodzi.  Yotamu anaona zonsezo, koma anapitiriza mzere mpaka kumapeto.

Bwalo la akulu a mpingo linamuitana sabata yomweyo. Sanamukalipire. Abusa a nthawi imeneyo, munthu wachikulire, anamufotokozera mofatsa kuti gome si la mayi wina aliyense kuti azigawa mmene wafunira, ndipo wodya osazindikira amadzidyera chiweruzo.

"Mwana wanga sanabe mkate," anatero Eliness. "Ndinamupatsa ndine, kuchokera pa gawo langa. Ngati pali chiweruzo, chilembeni pa ine."

"Ndiye chifukwa chake takuitanani inuyo. Mungovomera kuti munalakwa, ndi kulonjeza kuti simudzabwereza. Nkhani ithera pompano."

"Abusa, munamuthira madzi ali ndi miyezi iwiri. Tsiku limenelo anavomereza chiyani? Munati Mulungu ndiye amayamba, mwana asanadziwe kanthu. Ndinakukhulupirirani. Lero mukuti Mulungu anayamba, koma kuti apitirize akudikira mayeso a kalasi. Ine kulakwa sindikukuona. Ndikanena kuti ndinalakwa, ndinama pamaso pa akulu, ndipo limenelo ndiye tchimo lenileni."

Anamudula mumpingo, kuti asadyenso Mgonero. Yotamu anakweza nawo dzanja povomereza chigamulocho, maso ali pansi.

Anthu ankaganiza kuti Eliness apita kwa abusa Keith, kapena asiya kupemphera. Abusa Keith anatumizadi uthenga kuti khomo lawo n'lotsegula. Iye anabweza yankho kuti yewo, zikomo, koma tchalitchi chimene bambo ake anaumbira njerwa sachokamo chifukwa cha manja asanu ndi awiri okwezedwa m'chipinda. Yunifolomu ya gulu la amayi anaichapa, anaisita, n'kuiika m'sutikesi. Sabata yotsatira analowa ndi chitenje wamba n'kukhala pabenchi yake ya nthawi zonse, Ipyana ali pambali.

Umu ndi mmene zakhalira mpaka lero. Tsiku la Mgonero satuluka, ndipo sapita kumbuyo. Amakhala pomwepo, manja onse anayi atatambasulidwa pamaondo, ndipo mbale imawadumpha onse awiri anthu akuona. Akulu ena amapempha kuti asapatsidwe mzere umenewo. Poyamba amayi ena anasiya kumupatsa moni, ena ankabwera mobisa kudzamuuza kuti anachita bwino. Iye ankawayankha kuti mawu onenedwa kuseri kwa nkhokwe sadyetsa mwana wake. Ambokile, amene amapempherabe kwa abusa Keith, masiku a Mgonero amawaperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi, n'kudikira panja kuti abwerere limodzi. Yotamu amabwera ndi ng'ombe zake chaka chilichonse kudzamulimira. Amakamba za feteleza, za madzi ochepa m'ngalande, za mitengo ya mpunga pa Uliwa. Za mkate sakambapo.

Si kuti Eliness alibe mantha. Pali masiku amene akuwokera yekha amadzifunsa ngati liuma lake silinamuike mwanayo pamavuto ndi Mulungu. Amadzifunsanso kuti iye akadzafa, ndani adzakhale naye pabenchi paja. Mafunso amenewa sawauza munthu. Amawerama, n'kupitiriza mzere.

Chaka chatha kunabwera abusa atsopano, a Pilirani Zgambo, munthu wachinyamata amene anakulira ku Kasungu. Mgonero wawo woyamba anaona manja anayi aja, ndipo Lachitatu lake anabwera kumunda. Anavula nsapato, n'kuyenda pamzere wolekanitsa minda mpaka pomwe Eliness ankatsegulira madzi.

"Amama, ndamva nkhani yanu mbali zonse," anatero. "Koma ndikufuna ndimve kwa inu. Mumakhulupirira chiyani? Kuti Mulungu anamusankha Ipyana, kapena kuti Ipyana anasankha Mulungu?"

Eliness anatsamira khasu. "Abusa, amuna akhala akundifunsa funso limeneli kuyambira mwanayu ali namwali, ndipo aliyense amafuna ndilowe timu yake. Za dziko lisanalengedwe sindikuzidziwa, kunalibe ine. Chimene ndikudziwa n'chakuti Sabata m'mawa amadzuka ine ndisanadzuke, amaima pakhomo nsapato zili m'manja, ndipo ndikachedwa amandikoka. Palibe anamuphunzitsa kuwerenga masiku. Kaya ndi iye akufuna, kaya pali amene akumuitana, inu ophunzira mukagawane. Koma musandiuze kuti palibe chikuchitika."

Abusawo anayang'ana Ipyana amene ankagwedeza chitini chake kutsidya kwa munda.

"Ndekha sindingasinthe lamulo," anatero. "Nkhaniyi ndiipititsa kumsonkhano waukulu, ndipo ndikaiyankhulira. Koma zimatenga nthawi. Pakadali pano, bwanji mungopepesa kuti inuyo mubwerere pagome? Mwakhala ndi njala nthawi yaitali."

"Ndikabwerera ndekha, iye akadya kuti?"



"Pitani nayoni kumsonkhanoko, ndikuthokoza," anapitiriza Eliness. "Mukawauze kuti sindikupempha chifundo chawo, chifundo chili ndi mwini wake. Ndikufuna malo awiri pagome. Akakana, adzatipeza pabenchi pomwe paja." Anakweza khasu n'kuloza pansi. "Tsopano tasunthani pang'ono, abusa. Mwaponda pomwe madzi akuyenera kudutsa."

Abusa Zgambo anasuntha. Eliness anagumula dothi, ndipo madzi analowa m'munda.